Madzi a ku Siloamu a Anti Esnati

Moni nonse, tamvani zalerozi!

Ndakumana ndi anti Esnati ku dera la Al Nahda, lero ali pa ofu. Diso lija lafiira psuu, mankhwala a kuchipatala anasiya. Akuti akudonthezamo madzi a ku Siloamu, dziwe limene anasambamo wakhungu uja wa m'Baibulo. Anawapatsa mneneri wina wa kuno ku Naif, dera limene ndimakhala.

Abale, mneneriyo timagona chipinda chimodzi, iye bedi lapamwamba! Ku Yerusalemu kwake kuti? Ngakhale ku Abu Dhabi, mzinda wapafupi pompa, sanafikeko. Madziwo amatunga pampopi wapanja pa mzikiti, ine ndikuona.

Ndawauza anti, akuti, "Khalas, basi iwe, usanyoze wodzozedwa."

Amalume, inu amakumverani. Muwaimbira lero, kapena tidikire diso linalo lifiirenso?