Alamu a Kuseri kwa Katani

Mayi Telala anayamba kusoka ndi makina opalasa ndi mwendo amene anasiya malemu amuna awo, ndipo anaphunzitsa nawo ana atatu. Anali mayi wolusa pakamwa koma wosamana. Masiketi ndi mayunifomu ankasoka bwino ndithu, koma jekete inkawagonjetsa. Mwini wake ankatuluka m'shopumo phewa limodzi lili m'mwamba ngati wasenza thumba.

Tsiku lina pakhomo panaima bambo wa nsapato zakutha. Anali wothawa nkhondo kwawo, ndipo anasiya mkazi ndi ana kumsasa n'kubwera m'tauni kudzasaka ganyu. Chilolezo chogwirira ntchito analibe. Mayiwo anamupatsa nsalu kuti amuyese, ndipo jekete imene inatuluka inawatseka pakamwa. Anamuikira makina kuseri kwa katani, pakati pa simbi ndi matumba a zidutswa za nsalu.

Anapangana chinthu chimodzi. Akalowa munthu wooneka ngati wa boma, mayiwo ankakweza mawu kuti, "Alamu, tiyi wanu akuzizira!" Bamboyo ankachoka pamakina n'kukakhala pabenchi atagwira kapu, ngati mlendo wodzacheza. Bodzali linamupulumutsa kangapo, mpaka dzina loti Alamu linamukanirira. Makasitomala ankatama manja a Mayi Telala, iwo n'kumangomwetulira, osakana.

Kenako lamulo linasintha. Wothawa kwawo akanatha kulandira chilolezo ngati a ku ofesi amupeza akugwiradi ntchito, bwana wake n'kuvomera.

"Amayi, sabata ino kubwera munthu wa ku ofesi," anatero bamboyo, nkhope ikuwala. "Mudzangonena zoona basi. Chikatuluka chilolezo ndikatenga mkazi wanga ndi ana, tidzachite lendi kanyumba."

"Zazing'ono zimenezo, Alamu," anayankha mayiwo.

Koma mtima wawo unali pena. Munthu wa chilolezo akhoza kutsegula shopu yakeyake tsidya la msewu, ndipo makasitomala a majekete sakanachedwa kudziwa mwini manja.

Munthuyo anabweradi masana, mayi wachitsikana waulemu wa chikwama chakuda. Atapereka moni anafunsa ngati pali wothawa kwawo amene amagwira ntchito pamalopo. Kuseri makina anali kulira. Mayi Telala ankadziwa bwino lomwe chimene mlendoyo wabwerera, ndipo wina asawanamizire kuti lilime linaterereka. Anakweza mawu.

"Alamu, tiyi wanu akuzizira!"

Makina anaima. Bamboyo anatuluka, n'kuyang'ana mlendoyo, n'kuyang'ana mayiwo. Anaganiza kuti aona choopsa chimene iye sakuchiona, poti zaka zonsezi anali asanamusocheretsepo. Anakhala pabenchi n'kutola kapu yopanda kanthu.

"Awa ndi alamu anga, angobwera kudzationa," anatero Mayi Telala.

Mlendoyo anafunsa bamboyo ngati zinali zoona, iye n'kuvomera ndi mutu.

Yankho silinachedwe. Pempho la chilolezo linakanidwa, ndipo bamboyo anauzidwa kuti abwerere kumsasa. Apa m'pamene chikumbumtima chinawagwira Mayi Telala. Anathamangira ku ofesi thukuta lili kamukamu kukaulula kuti ananama, koma kumeneko anawauza kuti munthu wa mawu awiri sangamukhulupirire. Anabwerako ndi manyazi aakulu, chakudya osalowa. Chowawa koposa chinali chakuti bamboyo sanawafunse kanthu. Ankangoti amayi anachita mantha, ndipo mantha iye ankawadziwa.

Tsiku lonyamuka anamuperekeza kokwerera basi. Njira yonse ankafuna kumuuza kuti sanali mantha, koma mawu ankathera m'kamwa. Basi isananyamuke, bamboyo anaimba foni n'kuwapatsira.

"Mkazi wanga akufuna akuthokozeni. Ndamuuza mmene munathamangira ku ofesi chifukwa cha ife."

Mayi Telala anaika foniyo kukhutu. Mayi amene anali asanamuonepo anali kuwadalitsa ndi mawu othyokathyoka, akuwatchula kuti amayi athu. Kumbuyo kwake kunkamveka ana akulongolola, ndipo mayiyo anaseka mopepesa.

"Pepani phokoso. Anamangiratu katundu wawo kalekale, ndiye akukana kumasula. Akuti agogo a m'tauni sangalole kuti atsale kuno."

"Apatseni moni," anatero Mayi Telala, n'kubweza foniyo kwa mwini wake.