Jinzi Yokwana a Zebron a ku Zemba

A Zebron Mbewe a ku Zemba mumawazindikira akadali patali chifukwa cha miyendo. Ndi aatali, oonda m'chiuno, koma ntchafu zawo ndi zazikulu chifukwa chopalasa njinga kuyambira ali mnyamata. Amalima thonje ndi mtedza, ndipo akamaliza kukolola amanyamulira anzawo matumba panjinga kupita ku boma ku Chadiza. Chishalo cha njingayo chinkawathera mabuluku. Mnzawo wina atawauza kuti jinzi siing'ambika msanga, anaganiza zoigula. Apo n'kuti ali ndi imvi kale, asanaivalepo chibadwire.

Pamsika anaima pa benchi la Trywell, wogulitsa zovala za salaula, zija zovalidwapo kale.

"Mumavala nambala yanji, atate?" anafunsa Trywell.

"Nambala ya chiyani?"

"Ya m'chiuno."

"Ine ndimadziwa ya nsapato basi."

Trywell anatola jinzi ina, n'kumanga batani, kenako n'kuwazunguliza chiuno chake pakhosi. "Ikakumana kumbuyo kwa khosi, ndiye kuti m'chiuno ikwana," anatero. A Zebron sanamvetse kuti khosi likudziwapo chiyani za chiuno, koma anthu ankawayang'ana, choncho anangolipira n'kunyamuka.

Kunyumba jinziyo inakwera mpaka m'ntchafu n'kukana. Akazi awo, a Idesi, anachita kuikoka kumapazi kuti ituluke, iwo atagwirira chitseko. A Zebron anakaisintha n'kutenga yaikulu. Iyi inadutsa m'ntchafu bwinobwino, koma m'chiuno mukanalowa anthu awiri, ndipo atamanga lamba inakwinyika ngati kukamwa kwa thumba la chimanga. Kumunsi inkalekezera pamwamba pa akakolo.

Mwana wawo Tionge, yemwe amagwira ntchito m'sitolo ku Chipata, anamva nkhaniyi pafoni. Anawagulira yatsopano n'kutumiza pa minibasi. Atamasula pepala, a Zebron anapeza kuti yang'ambika mawondo onse awiri, ndipo m'ntchafu yambuwa.

"Mwanayu amubera," anatero. "Kapena ndi makoswe a m'sitolo mwawo."

A Idesi sanafune kuti Tionge achite manyazi. Anadula chitenje chakale n'kuika zigamba ziwiri zosokedwa bwino. Tionge atabwera kudzacheza anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Amama, mwaitani jinzi ija?"

"Inabwera yong'ambika."

"Imagulitsidwa choncho. Amachita kuing'amba dala ku fakitale."

A Zebron anafunsa kuti, "Ndiye wong'ambayo amalandira malipiro?"

"Inde, atate."

Iwo anakula akubisa mawondo ong'ambika pansi pa benchi la kutchalitchi. Anafunsanso kawiri kuti mwina sanamve bwino, koma yankho linali lomwelo. Jinziyo sanaivalepo, chifukwa nayonso inali yaifupi.

Yowakwana anaipeza okha chaka chotsatira, akufukula pansi pa mulu wa Trywell. Inali yabuluu woderapo, yofewa, ndipo ukaikoka inkatamuka n'kubwerera. Ulendo uno anakana za khosi. Anaiyesa kuseri kwa benchi, Trywell atawatchinga ndi saka. Inadutsa m'ntchafu, inagwira m'chiuno popanda lamba, n'kufika mpaka pansapato. Vuto linali matumba okha, omwe anali osaya moti foni inkasuzumira kunja.

Kenako inabwera nkhani ya kasamalidwe, ndipo aliyense anali ndi lamulo lake. Trywell anati asamaichape kawirikawiri, azingoikung'untha. A Timoti, telala wa kumpingo kwawo, anati buluku lopanda mzere wa simbi si buluku. Tionge anati simbi isaiyandikire, koma aziitembenuza kunja kukhale m'kati, azichapa ndi madzi ozizira n'kuyanika pamthunzi. Mayi wina woyandikana nawo anati aiviike m'madzi amchere kuti mtundu ugwire.

"Chovala chodya mchere ngati ndiwo?" anafunsa a Idesi. "Bweretsani kuno ndikaimenye pamwala ngati zinzake."

Mawu akuti pamwala anawaopsa a Zebron. Tsiku lina akazi awo ali kuchigayo, anaganiza zoichapa okha. Kuseri kwa nyumba anapeza beseni lodzaza kale madzi ndi thovu la sopo. Anathiramo mchere, n'kumizamo jinzi ija, n'kupita kukamwetsa ng'ombe. Pansi pa thovulo panali bulauzi yoyera ya a Idesi, yunifomu ya amayi a Chigwirizano kumpingo. Inatuluka yooneka ngati thambo. Sabata imeneyo a Idesi anapita kumsonkhano ndi yobwereka, yothina m'khwapa, ndipo kwa masiku angapo ankawayankha amuna awo ndi mutu wokha.

A Zebron sanadziwe ngati mcherewo unalephera, kapena ngati pakanapanda mchere zikanaipa koposa. Kuyambira pamenepo anasankha kutsatira malamulo onse pang'onopang'ono. Ankaichapa mwa apo ndi apo, yokhayokha, itatembenuzidwa. Ankaiyanika pansi pa mtengo wa mango. Simbi ankaidutsitsa mwendo umodzi, akakumbukira mawu a Tionge n'kusiya, kenako n'kusitanso winawo kuti ifanane. Pokwera njinga ankamanga mwendo wakumanja ndi mphira kuti tcheni chisaipake girisi. Jinziyo inakhaladi yooneka bwino, ndipo anthu a ku Zemba ankaiyamikira, ngakhale mwiniwake sakanatha kunena kuti lamulo lomwe likugwira ntchito ndi liti.

Tionge anaiona koyamba pa ukwati wa msuweni wake ku Pembamoyo. Anawakokera atate ake pambali.

"Atate, iyi ndi ya akazi."

"Wadziwa bwanji?"

"Onani matumbawa. Onaninso kasokedwe ka m'chiunomu."

A Zebron anakhala pampando ukwati wonse, jekete ili pamiyendo. Atapita ku boma anamufunsa Trywell ngati ankadziwa.

"Inu munkafuna yokukwanani, atate," anayankha Trywell. "Yakukwanani kapena ayi?"

A Zebron anakwera njinga yawo n'kunyamuka. Pobwerera ankayang'ana miyendo ya munthu aliyense wovala jinzi, mwamuna ndi mkazi yemwe, koma sanaone kusiyana kulikonse. Anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Patapita milungu ingapo anayambanso kuivala, malaya atawatulutsa kunja kuti aphimbe matumba.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, anaifuna koma sanaipeze. Atatuluka panja anaona a Idesi akunyamula khasu ndi ndowa kupita kudimba. Pansi pa chitenje chawo pankaoneka miyendo yabuluu, yopindidwa kangapo.

"Amake Tionge, imeneyo si yanga?"

"Mwana wanu anati ndi ya akazi," anatero a Idesi osatembenuka. "Ikutentha bwino."

Mpaka lero amaivala mosinthana. A Idesi amaitenga m'mawa kukazizira, a Zebron pa masiku opita ku boma. Akakhala ndi ulendo amachita kunena dzulo lake, kuti matope a kudimba apeze nthawi youma n'kukung'unthidwa.