Masamba Awiri ndi Kansonga

Ku Chinakanaka kuli bambo ena amene anakalambira m'minda ya tiyi. Masiku ano amathyola zitsamba zokhazika mtima pansi, ndipo tsamba lililonse amalinunkhiza kaye asanaliponye m'thumba.

Chaka chatha kunabwera Annette wa ku yunivesite, kudzafufuza ngati chitsamba chawo chimachepetsadi mahomoni a nkhawa m'magazi. Anadzaza thumba yekha, koma ku labotale sanapezemo kanthu. Digiri yake inali pachiswe.

Atabwerera ndi masamba amene anatsala m'thumbamo, bambowo anawasanthula n'kuseka.

"Mwanawe, wathyola okalamba ngati ine! Ngakhale tiyi timatenga awiri apamwamba ndi kansonga. Makina akowo sanakuuze?"

"Amangopima chimene ndawapatsa, agogo."

"Ndiye mawa ulawire, tikathyole limodzi. Nanenso ndikufuna ndimve chimene makinawo anene."