Ndevu zobiriwira za kaputeni

Mphunzitsi wathu wa zojambula ndi mayi wa imvi, wamfupi moti amalekeza m'khwapa mwa anyamata a timu ya mpira. Koma akangotsokomola, zimphona zonsezo zimaima njo! Anyamatawo amawatcha Amayi Odi.

Masiku ano akuwajambulitsa chithunzi chimodzi chachikulu pakhoma la chipinda chosinthira zovala, aliyense ndi chigawo chake. Lamulo lawo ndi limodzi: burashi yako isanalowe m'chigawo cha mnzako, unene "odi" ndipo udikire yankho.

Tsiku lina kaputeni, amene amadzitama kuti mtsikana akangokhala chete ndiye kuti walola, anati "odi" kwa goloboyi n'kuyamba kupaka m'chigawo cha mnzakeyo osadikira yankho. Amayi Odi anaviika burashi mu penti wobiriwira n'kumuyandikira kaputeniyo.

"Odi, mwanangu."

Mnyamatayo asanatsegule pakamwa, anamujambula ndevu mpaka m'makutu.

"Aa, Madamu! Ndalola liti ine?"

"Wakana kodi?"

"Simunandipatse mpata woyankha!"

Amayi Odi anapukuta burashi yawo pang'onopang'ono.

"Tabwereza mokweza, bambo. Anzako kumbuyoko sanamve."