Mapu Pansi pa Mbozi za Silika

Mirofora sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma sukulu ya m'mudzi mwake, kumapiri a ku Pafo pachilumba cholamulidwa ndi Angelezi, inali m'nyumba mwake. Mwamuna wake atamwalira, anapereka chipinda chachikulu kuti ana aziphunziramo, iye n'kukadzipanikiza kuchipinda cha kumbuyo ndi mwana wake wamkazi Kallisteni komanso mbozi zake za silika. Anthu ankati mutu wake sukoka. Iye ankangoti, “Wangayu yekha asadzadinde chala ngati ine.”

Denga linkadontha, masileti anali obwerekana. Chuma cha sukuluyo chinali chimodzi: mapu aakulu a dziko la Girisi, onyezimira ndi vanishi. Zipolowe za mumzinda zitatha, Angelezi analetsa mapu otere, ndipo mbiri inali yoti sukulu yopezeka nawo itsekedwa. Aphunzitsi a Solomis, munthu wabwino koma wamantha ngati nkhuku, ankawatulutsa mobisa.

Tsiku lina m'mawa, galimoto ya mzungu woyendera sukulu inamveka m'munsi mwa phiri, mapu ali petupetu pakhoma.

“Mayi Mirofora, tatha ife,” anatero aphunzitsi. “Ndiwaponye pamoto?”

“Ana amve fungo, mzungu asamve? Bweretsani kuno, musandinjenjemerere.”

Mirofora anathamangira nawo kumbuyo. Mbozi za chaka chimenecho zinali za nsalu za ukwati wa Kallisteni, ndipo zinali zitanenepa, zatsala pang'ono kuyamba kuluka. Anayala mapu pa mphasa ya bango, n'kukhuthulirapo mbozi zonse, pamwamba n'kuwaza masamba a mabulosi.

Mzunguyo anafunsa ana masamu, anasuzumira m'kabati, kenako analoza chitseko cha kumbuyo.

“Akuti tsegulani,” anatero womasulira, mwana wa pachilumba pomwepa wovala jekete yothina.

“Iwe, mayi ako sanaweteko mbozi? Uwauze abwana akowa kuti mlendo saona mbozi za eni. Diso lake limapha.”

“Azakhali, musandiike m'mavuto. Akuti chobisika ndiye akuchifuna.”

Mirofora anaima pakhomopo. “Alowe, koma ndiyambe ndawafukiza.”

Anaika masamba ouma a azitona pa makala a m'phale monga timachitira pothamangitsa diso loipa, koma anathira dzanja lonse m'malo mwa pang'ono. Anazunguliza phalelo pamutu pa mzunguyo mpaka anatsokomola, maso ali psuu. Koma analowabe.

M'chipindamo munkamveka kudya kwa mbozi, ngati mvula yowaza. Mzunguyo anawerama kuti aone bwino. Mirofora anaona zimene anaiwala: mbozi zanjala sizichedwa. Pakona masamba anali atatha, ndipo nyanja ya pamapu inkaonekera, yobiriwira bwinobwino.

“Pepani, ndi nthawi yodya,” anatero, n'kukhuthula dengu lonse la masamba pakonapo, mkono wake ukukhudza mphuno ya bwanayo. Womasulira anali ataona. Anayang'ana Mirofora, anayang'ana kudenga, n'kuuza mzunguyo kuti njira ya kumudzi wina ndi yaitali.

Sukulu sinatsekedwe. Koma mmene galimoto inkatsika phiri, masana atapita, mbozi zinali zitasiya kudya. Zinafa zonse, zina zitamatirira pavanishi.

Mudzi wonse unati ndi diso la Mngelezi, ndipo amayi ankalavula akamatchula nkhaniyo. Mirofora ankadziwa kuti chinazipha ndi utsi uja ndi vanishi wa pamapu, koma sanatsutse munthu. Analira yekha kuseri kwa uvuni, n'kupukuta mapuwo ndi kansalu konyowa.

Patapita zaka, mudzi unamanga sukulu ya miyala yokhala ndi mawindo agalasi, chipinda chija n'kubwerera kwa mwini wake. Kallisteni anakwatiwa wopanda nsalu ya silika ndi imodzi yomwe, ndipo apongozi ake sanasiye kuzinena. M'tchalitchi, wansembe anapatsa Kallisteni inki yoti adinde chala. Iye anapempha cholembera.

Mirofora anasuzumira papepalapo nthawi yaitali. “Ndiye dzina lakolo limeneli?”

“Eya, amayi.”

“Ndi lalitali,” anatero. “Sindinkadziwa kuti ndinakupatsa lalitali chonchi.”