Tsiku Limene Mayi wa ku Kambombo Sanaikidwe Magazi

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ku Kambombo kudakali anthu onena kuti ine ndinawonjezera magazi m'thupi la mayi woyembekezera pogwiritsa ntchito pensulo. Zimenezo si zoona. Ndinangochulukitsa nambala, ndipo ndinatero nditachedwa ndi tsiku lathunthu.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 1990, pa kachipatala kena m'dera la Chama, pomwe woyeza magazi ndinali ine ndekha. Tinali titalandira makina atsopano ochokera ku Ulaya. Ife kuchuluka kwa magazi tinkalemba m'magalamu pa desilita, koma makinawo ankaonetsa mamilimolo pa lita, ndipo kuti nambala yawo ikhale yathu pankafunika kuichulukitsa ndi 1.6. Lamulo limeneli ndinkalidziwa bwino lomwe.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Kambombo, wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Makina anaonetsa 6.5. Mzere unali wautali, ndipo ndinalemba nambalayo yokhayokha, popanda muyeso wake. Adokotala ataiona anaiyesa magalamu, ndipo kwa mayi woyandikira kubereka nambala yotereyi ndi yoopsa. Analamula kuti aikidwe magazi. Zaka zimenezo magazi a munthu wina ankaopedwa, pakuti ngakhale tinkawayeza, tonse tinkadziwa matenda amene ankatha kubisalamo. Mayiyo ankadziwanso. Anagona nkhope itayang'ana kukhoma.

Tinalibe mosungira magazi, choncho opereka ankakhala abale. Mwamuna wake anapalasa njinga kupita kumudzi, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi alongo awiri a mkaziyo pamodzi ndi mayi awo. Mayiwo ananyamula nkhuku ziwiri zophika ndi chigubu cha thobwa, poti wopereka magazi kwawoko sabwerera ndi njala.

Mlongo wamkuluyo, chimunthu cha mapewa otakata, anakhala pabenchi n'kutambasula mkono, maso atatsinzina, ine ndisanagwire n'komwe singano.

"Achimwene, inu mumapirikitsa njovu m'munda," anatero wamng'onoyo. "Manje kasingano kakukomolani?"

"Njovu ndimaiona ikubwera. Khala chete, ukubwera ndiwe pambuyo panga."

Ku koleji anatiphunzitsa kuona wodwala tisanakhulupirire pepala. Ndinapita kwa mayi woyembekezerayo, ndinatsitsa chikope chake, ndinayang'ana zikhato. Zinali zofiira bwino. Ndinatenga pepala lake, n'kupezapo nambala yopanda muyeso, yolembedwa ndi dzanja langa. Ndinachulukitsa pomwepo, m'mphepete mwa pepalalo: 10.4. Ndinamuyezanso, yankho silinasinthe.

"Bambo, cholakwa ndi changa," ndinawauza adokotala. "Mayiyu akufunika mapiritsi owonjezera magazi basi."

Anayang'ana masamuwo, anavula magalasi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati kwa zaka zonsezo ankadikira tsiku loti andipeze nditalakwitsa, koma sankayembekezera kuti adzakondwera chotero.

Chovuta chinali kuwafotokozera mayi ake a wodwalayo. Ndinati chimanga chomwecho ukachiyeza ndi chitini umapeza nambala yochepa, ukachiyeza ndi mbale umapeza yochuluka, koma chimangacho sichinasinthe.

"Dzulo anali ndi sikisi?" anafunsa.

"Inde, mayi, pa muyeso wa makina."

"Manje ali ndi teni."

"Pa muyeso wathu."

"Ndiye mwawonjezera. Mwana wanga, ndakuonani ndi maso angawa mukulemba."

Apa mpamene wodwalayo anatembenuka kuchoka kukhoma n'kuyamba kuseka, atagwira mimba ndi manja onse awiri. Anadzuka yekha, anamanga chitenje, n'kufunsa ngati nkhuku zija zinali za opereka magazi okha. Mlongo wamkulu anati iye anali atapereka kale mumtima, choncho ntchafu ndi yake.

Ine sindidya pa nthawi ya ntchito. Tsiku limenelo ndinavula malaya oyera, ndinasamba m'manja, ndinakhala pamphasa kuseri kwa labotale, ndipo anandipatsa nthutumba. Madzulo ndinalemba 1.6 ndi inki yofiira n'kumata pa makinawo.

Amene analipo ndi awa: mayi woyembekezerayo, mwamuna wake, mayi ake, alongo ake awiri, onse ndi magazi awo athunthu, adokotala, mzamba wathu yemwe anabweretsa mchere, mlonda wa pachipata, ndi ine.