Makatani a Pilira pa Zenera la Eni

Pilira wa ku Kaphuka sanagwirepo singano chikulire chake. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anagwera pamoto, ndipo zala zitatu za dzanja lake lamanja zinapola zitapindika. Khasu ankaligwira, nkhuni ankamanga, koma kulowetsa ulusi pa singano kunkamukanika. Chimene chinkamunyansa kuposa dzanjalo chinali anthu omumvera chisoni.

Atamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi mwamuna wake Bonifasio, mazenera anakhala opanda magalasi, mphepo ya Juni n'kumalowa ngati kwawo. Telala wa pa Chimbiya atatchula mtengo wosokera makatani, Pilira anatola nsalu zake n'kutuluka osatsanzika. Kunyumba anaziyala pamphasa. Kumtunda kwa nsalu iliyonse anadula timizere ndi lumo, n'kumangirira kamzere kalikonse ku nsungwi yopala bwino, mfundo ziwiriziwiri, akukoka ndi mano pomwe zala zinkalephera. Kumunsi anapinda, anapaka phala la ufa wa chinangwa, n'kusita ndi simbi ya makala mpaka mpendero unauma gwa. M'makona anamangamo timiyala kuti mphepo isamaziulutse. Nsaluzo zinali zobiriwira, za maluwa achikasu, zogula atagulitsa kachewere wa m'dimba lake. Amayi a m'mphakati ankabwera kudzaona, ena n'kukachita chimodzimodzi kwawo.

Chaka chatha mayi ake anagonekedwa m'chipatala ku Boma, ndipo Pilira anakawadwazika masabata atatu. Pobwera anapeza mazenera ali pululu, kwatsala misomali yokha. Bonifasio anati makataniwo anawabwereketsa ku tchalitchi kuti akakongoletse guwa pa tsiku la ubatizo. Lamulungu Pilira anafunsa amayi osesa m'tchalitchi, iwo n'kungoyang'anana. Anabwerera mtima ukuwira. Munthu kunama mpaka kutchula guwa la Mulungu. Koma ankafuna aone kaye kumene bodzalo likulowera.

Lachinayi anapita ndi kachewere ku Chimbiya. Akufuna madzi akumwa kuseri kwa magolosale, anaona maluwa achikasu akugwedezeka pa zenera la kanyumba ka lendi. Anasendera pafupi. Mfundo zake zinali pompo, zina zikuoneka pomwe panaluma mano ake.

Sanaodire n'komwe. Mkatimo munali mtsikana wina dzina lake Nomsa, wogulitsa zitumbuwa pamsewu, akusenda nthochi. Pampando panali jekete la Bonifasio. Mtsikanayo anati makataniwo anamugulira ndi chibwenzi chake m'sitolo ya amwenye ku Lilongwe.

"Ku Lilongwe?" anatero Pilira, atamutosa dzanja lopindikalo pafupi ndi mphuno. "Sitolo yake ndi iyi. Uiyang'anitsitse."

Anakwera pampandopo, kuponda jekete, n'kuzula nsungwi zonse ziwiri ndi misomali yomwe. Pilira sanamumenye Nomsayo. Anadutsa pakati pa msika nsungwi zili paphewa, nsalu zikukwekwereka m'fumbi, oitanira minibasi akumuimbira mluzu. Kachewere anasiyira mnzake kuti amugulitsire.

Atafika kumudzi anaitanitsa ankhoswe tsiku lomwelo. Bonifasio anakhala pakhonde atazyolika, n'kumati Satana ndiye anamupusitsa. A Yeremiya, amalume ake a Pilira, analankhula nthawi yaitali za kupirira m'banja ndi za ukwati wa mpingo umene sutha. Pomaliza anati n'zochititsa manyazi kuti mayi wamkulu, wa mwana wa ku sekondale, aziyenda pamsika ndi nsungwi paphewa chifukwa cha nsalu chabe.

Apa Pilira anaimirira.

"Amalume, akanatenga mbuzi bwenzi nditakhala pansi. Atenga chinthu chimene ndinamanga ndi mano anga, akaphimbire zonyansa zawo kuti anthu asawaone, n'kuchitcha cha amwenye. Inu mukuti nsalu chabe?" Kenako anacheukira mwamunayo. "Bambo a Wongani, mudzi uno ndi wa amayi anga. Njira yakwanu mukuidziwa."

M'mawa mwake Bonifasio anachoka ndi njinga ndi chikwama chimodzi. Akuluakulu a mpingo abwerako kawiri kudzamupepesera. Pilira amawayalira mphasa, amawamvetsera mpaka atatha, n'kuwaperekeza kukafika pa mtengo wa mapichesi, koma yankho lake silisintha. Makataniwo anawachapa katatu, n'kumati akumvabe fungo la mafuta okazingira zitumbuwa. Anawapereka kwa mayi ake, amene pano amafunditsira mbewu ya kachewere.

Masiku ano akamapita ku Chimbiya amatenganso makatani omanga yekha oti agulitse, ndipo aphunzitsi ndi anamwino a lendi amawalimbirana. Pamsikapo Pilira amakhala moyang'anana ndi Nomsa, pakati pali msewu wokha, ndipo sanalankhulanepo. Anzake akamuuza kuti mkwiyo wotere umadwalitsa, Pilira amawayankha kuti ukadzatha adzawauza yekha.